Chipata Chimodzi, Makompyuta Ambiri: Zofooka za Maseva Akale a Intaneti ndi Njira Zozilambalala

Pulogalamu ya chipata cha intaneti ndi imene imaikidwa pa kompyuta imodzi kuti makompyuta ena onse a mu ofesi, pasukulu kapena m'nyumba azidzera pamenepo popita pa intaneti. Kompyuta yonyamula pulogalamuyo imatchedwa seva, ndipo imakhala ndi nkhope ziwiri. Ina imayang'ana m'kati, ku netiweki ya eni ake. Inayo imayang'ana kunja, ku modemu kapena chingwe cha kampani yogulitsa intaneti. Kuyambira cha m'ma 1995, kwa zaka pafupifupi khumi, maofesi ambiri padziko lapansi ankadalira mapulogalamu otere. WinGate, imene Adrien de Croy wa ku New Zealand anaitulutsa mu 1995, inatchuka m'maofesi ang'onoang'ono. Microsoft inatulutsa Proxy Server 1.0 mu 1996 ndi 2.0 chaka chotsatira. Novell inaika IPX/IP Gateway mu IntranetWare mu 1996, kenako inatulutsa BorderManager mu 1997. Ogwiritsa ntchito Linux nawo anali ndi njira yawo yotchedwa IP masquerading.

Zifukwa zofunira chipata zinali zitatu. Ofesi inkakhala ndi chingwe chimodzi cha lamya koma antchito makumi awiri. Maadiresi a intaneti a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri anali ataona kale kuti adzatha, choncho kampani yogulitsa intaneti inkapatsa kasitomala adiresi imodzi, zowonjezera n'kulipiritsa. Chachitatu, manetiweki ambiri a m'maofesi sankalankhula n'komwe chinenero cha intaneti, TCP/IP. Ankalankhula IPX, chinenero cha NetWare ya Novell.

Amene anakulira kumudzi kumene anthu onse ankalandirira makalata pa bokosi la positi la sukulu ya pulayimale sangavutike kumvetsa vutoli. Positi ofesi imadziwa bokosi limodzi lokha. Aphunzitsi aakulu ndiwo amadziwa kuti kalata iyi ndi ya kwa amfumu, iyo ndi ya mayi wa kutsidya kwa dambo. Zonse zimayenda bwino malinga ngati wolandira makalatayo alipo, akukumbukira aliyense, ndipo kalatayo ili ndi dzina lodziwika. Chipata cha intaneti chimagwira ntchito yomweyo, ndipo pafupifupi zofooka zake zonse zimachokera pa mfundo imodzi: intaneti inamangidwa poganiza kuti kompyuta iliyonse ili ndi adiresi yakeyake ndipo ikhoza kulankhula ndi inzake maso ndi maso. Chipata chikaima pakati, chiyenera kumva zimene awiriwo akukambirana, apo ayi mmodzi wa iwo asinthe kalankhulidwe.

Opanga mapulogalamu anayesa njira zitatu. Yoyamba ndi ya mkhalapakati, imene imatchedwa proxy. Msakatuli wa masamba a intaneti sapita yekha kunja. Amapempha seva kuti imutengere tsamba, sevayo n'kupita, kutenga, n'kubwera nalo. Seva ya CERN inali kuchita zimenezi pofika 1994, ndipo Squid, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero, inatuluka mu 1996. Chofooka chake n'choonekeratu: mkhalapakati amangotumikira zinenero zimene anaphunzitsidwa. Wa masamba sadziwa za makalata a imelo, wa imelo sadziwa za macheza. N'chifukwa chake WinGate inali ndi akhalapakati angapo, wina wa HTTP, wina wa FTP, wina wa POP3, wina wa Telnet, ndipo wosuta ankayenera kulemba zachilendo m'pulogalamu yake ya imelo, monga kuphatikiza dzina lake ndi dzina la seva yeniyeni ya makalata m'bokosi limodzi, atazilekanitsa ndi chizindikiro cha #. Komanso kompyuta iliyonse inkafunika kuuzidwa kumene kuli mkhalapakati. Pofuna kupeputsa ntchito yoyenda desiki ndi desiki, Netscape inabweretsa fayilo ya PAC mu 1996, kachikalata kamene msakatuli amawerenga kuti adziwe yekha kodzera.

Njira ya SOCKS, imene David Koblas anaifotokoza mu 1992, inayesa kukhala mkhalapakati wosasankha chinenero. Koma SOCKS 4 inkanyamula TCP yokha, osati UDP, ndiponso inkafuna kuti kompyuta ya m'kati ipeze yokha adiresi ya kumene ikupita, chinthu chovuta kwa kompyuta imene sikuona kunja. SOCKS 4a inakonza nkhani ya mayina, ndipo SOCKS 5 ya mu 1996 inawonjezera UDP ndi mawu achinsinsi. Microsoft Proxy Server 2.0 inatsalira pa SOCKS 4, kotero makompyuta a Macintosh ndi a Unix okhala kuseri kwake ankakhala ndi theka chabe la intaneti.

Njira yachiwiri inali yolowerera m'kompyuta ya wosuta. Pa Windows, mapulogalamu onse ofuna netiweki amadzera pa gawo lotchedwa Winsock. Microsoft ndi Novell onse anaganiza zoika kapulogalamu kawo pamalo pamenepo, kuti pempho lililonse lopita kunja lizigwidwa n'kutumizidwa ku seva mwakachetechete. Ubwino wake unali waukulu kwa ofesi ya NetWare: makompyuta ankapitiriza kulankhula IPX, seva yokha n'kumalankhula TCP/IP, ndipo wakuba wa kunja analibe njira yofikira kompyuta imene ilibe n'komwe adiresi ya intaneti. Koma walira mvula walira matope. Pulogalamu iliyonse yosadzera pa Winsock inkatsala panja, monga ya DOS kapena ya makina osakhala a Windows. Pulogalamu ina yatsopano ikabwera ndi fayilo yake ya Winsock n'kuipondetsa pa ya chipata, intaneti inkazima pa kompyuta imeneyo popanda uthenga womveka, ndipo mankhwala ake anali kuikanso kapulogalamu ka chipata. Ngakhale lamulo la ping, limene katswiri aliyense amayamba nalo poyeza ngati njira ili yotseguka, silinkadutsa pa Winsock Proxy ya Microsoft chifukwa limagwiritsa ntchito ICMP, imene chipatacho sichinkanyamula. Anthu ambiri anataya maola akufufuza chingwe choduka pamene chingwecho chinali bwinobwino.

Pa Microsoft Proxy Server panali mndandanda wotchedwa LAT, wosonyeza maadiresi amene ali a m'kati. Kapulogalamu ka pa kompyuta ya wosuta kankauyang'ana kuti kadziwe ngati pempho likhale m'nyumba kapena lipite ku chipata. Woyang'anira netiweki akaiwala kulembamo nthambi ina ya kampani, antchito sankatha kufika ku seva za nthambiyo. Akalakwitsa n'kulembamo adiresi ya kunja ya seva, ndiye kuti wauza mlonda kuti msewu wonse ndi mbali ya bwalo la nyumba. Wofuna kuwonjezera maadiresi pa kompyuta imodzi yokha ankalemba fayilo ya locallat.txt, chifukwa mndandanda waukulu unkakoperedwanso kuchokera ku seva nthawi ndi nthawi, n'kufafaniza chilichonse chimene munthu wasintha pamanja. Seva ya makalata yokhala m'kati inali ndi vuto lina: makalata ochokera kunja akanaipeza bwanji, popeza dziko likungoona adiresi ya chipata? Yankho linali fayilo ina, wspcfg.ini, yoikidwa m'foda ya pulogalamu ya makalatayo, youza chipata kuti chizimvetsera pa khomo 25 m'malo mwake. Khomo, limene m'Chingerezi amati port, ndi nambala yosiyanitsa ntchito zosiyanasiyana pa adiresi imodzi: 25 ndi ya makalata, 80 ya masamba. Khomo limodzi silingakhale ndi eni awiri, choncho kuseri kwa adiresi imodzi kunkatheka seva imodzi yokha ya makalata.

Panalinso nkhani ya mawu achinsinsi. Chipata cha Microsoft chinkakonda kuzindikira anthu mwa njira ya NTLM, imene kwa zaka zingapo Internet Explorer yekha ndiye ankaimva. Wa Netscape ankakanizidwa pakhomo, pokhapokha woyang'anira atalola njira ya Basic, imene imatumiza dzina ndi mawu achinsinsi osabisika kwenikweni. Pambuyo pake kunabwera timapulogalamu ngati NTLMAPS ndi Cntlm, timene timakhala pa kompyuta ya wosuta n'kumamulankhulira NTLM. Kunena kwina, mkhalapakati anafunika mkhalapakati wake.

Njira yachitatu, imene inapambana zinzake, ndi NAT, yofotokozedwa ndi Kjeld Egevang ndi Paul Francis mu Meyi 1994. Apa kompyuta ya wosuta siuzidwa kanthu. Imatumiza uthenga wake m'maphukusi monga mwa masiku onse, chipata n'kufufuta adiresi ya wotumiza pa envelopu, kulembapo yake, n'kusunga m'kaundula kuti yankho likabwera pa khomo lakutilakuti ndi la uje. Maadiresi a m'kati amatengedwa m'magulu atatu amene anapatulidwira ntchito imeneyi, oyamba ndi 10, ndi 172.16 mpaka 172.31, ndi 192.168. Olemba njirayi anaitcha yongoyembekezera, mpaka padzapezeke yankho lenileni. Zaka zoposa makumi atatu zapita ndipo ikadali m'karauta ka m'nyumba iliyonse.

NAT imasintha envelopu, koma kalata ya m'kati siiwerenga. Apa m'pamene pagona nkhani ya FTP, imene ndi chitsanzo chabwino koposa cha vuto lonseli. FTP, njira yotumizira mafayilo imene malamulo ake odziwika ndi a mu 1985, imagwiritsa ntchito mizere iwiri. Woyamba, wa pa khomo 21, ndi wokambirana, ndipo amautsegula ndi wosuta. Wachiwiri ndi wonyamula fayilo yeniyeniyo, ndipo mwa chikhalidwe chakale amautsegula ndi seva ya kunja, kuimbira wosuta. Kuti seva idziwe koimbira, kompyuta ya wosuta imalemba adiresi yake m'kati mwa uthenga, mwachitsanzo PORT 192,168,0,5,4,1, kutanthauza adiresi 192.168.0.5 pa khomo 1025. Chipata chimasintha envelopu, koma mawu a m'katiwo amafika momwemo. Seva ya kunja imayesa kuimbira adiresi imene kunja kulibe. Chimene wosuta amaona n'chodabwitsa: walowa bwino, mawu achinsinsi alandiridwa, koma akangopempha mndandanda wa mafayilo zonse zimaima chiriri.

Panali njira ziwiri zothetsera. Ina inali yophunzitsa chipata kutsegula makalata a FTP, kupeza mawu a PORT, kusintha manambala, ndi kutsegula khomo kwa kanthawi. Pa Linux ntchitoyi inkachitidwa ndi kagawo kotchedwa ip_masq_ftp. Si ntchito yaing'ono, chifukwa adiresi yatsopano ikhoza kukhala yaitali kapena yaifupi kuposa yakale, ndipo TCP imawerenga chilembo chilichonse chotumizidwa. Chipata chikawonjezera zilembo zitatu, chiyenera kupitiriza kukonza mawerengedwe a phukusi lililonse mpaka kukambiranako kutha. Ndiponso kagawoko kankangoyang'ana khomo 21. Seva ya FTP yoikidwa pa khomo lina inkadutsa osaonedwa, ndipo FTP itayamba kubisidwa ndi TLS chipata sichinathenso kuwerenga kalikonse. Njira inayo ndi imene Steven Bellovin analimbikitsa mu February 1994: wosuta atumize mawu a PASV, seva itchule khomo lake, wosutayo atsegule yekha mzere wachiwiri. Mizere yonse iwiri ikamachokera m'kati, chipata chilibe chodandaula. Komabe vutolo silinafe, linangosamukira kwa mwini seva, amene tsopano ayenera kutsegula makomo ambirimbiri ndi kuuza seva yake adiresi yake ya kunja ngati nayonso ili kuseri kwa chipata. Ndipo pulogalamu ya ftp yobwera ndi Windows, ija ya pa chikwangwani chakuda, sinkatha kugwira ntchito mwa njira imeneyi, kotero anthu ankangoisiya n'kufuna ina.

Matenda omwewa anagwira chilichonse chotchula adiresi m'kati mwa uthenga. NetMeeting, yogwiritsa ntchito H.323, inkasankha makomo a mawu ndi zithunzi pa nthawi yoimbirana, choncho kawirikawiri munthu ankamveka kwa mnzake koma iye osamva kanthu. Kutumizirana mafayilo pa IRC ndi pa ICQ, ndiponso masewera ambiri, zinkagwa chimodzimodzi. Eni maofesi ankalozetsa makomo ena ku kompyuta imodzi, kapena kuipereka kompyutayo kunja kwathunthu n'kuitcha DMZ, dzina lokongola la chinthu choopsa. UPnP, imene inafala ndi Windows XP mu 2001, inalola pulogalamu kupempha yokha chipata kuti chitsegule khomo, koma popanda kufunsa kuti wopemphayo ndani. STUN ya mu 2003 inatenga njira ina: kompyuta imafunsa seva ya kunja kuti ikuoneka ndi adiresi yanji, kenako mbali zonse ziwiri zimatumizirana maphukusi nthawi imodzi kuti chipata chilichonse chiganize kuti wa m'kati ndiye wayamba. Skype, imene inatuluka chaka chomwecho, inatchuka kwambiri chifukwa inkadutsa pa zipata zimene zinkalepheretsa ena.

Wogwira ntchito amene ankafuna kulowa mu netiweki ya kampani yake ali kutali, kudzera pa VPN, ankakumana ndi khoma lina. Njira ya VPN yotchedwa PPTP imakambirana pa khomo 1723 koma katundu wake amayenda m'maphukusi a GRE, amene alibe nambala ya khomo. Chipata chosunga kaundula wake ndi manambala a makomo chinkasowa cholemba. Zipata zambiri zinkalola munthu mmodzi pa nthawi, wachiwiri akalowa woyamba n'kugwa. IPsec, njira ina ya VPN, inali yovuta koposa, chifukwa gawo lake la AH limadinda chidindo pa envelopu yonse kuti wina asaisinthe, pamene ntchito ya NAT ndi kusintha envelopu. Apa panalibe chokonza. Gawo la ESP linapulumuka polikulunga m'phukusi la UDP lopita pa khomo 4500, njira imene inakhazikitsidwa mu January 2005.

Vuto limene linazunza anthu kwambiri, chifukwa silinkaoneka ngati la netiweki, ndi la kukula kwa phukusi. Pa netiweki ya Ethernet phukusi limanyamula mabayiti osapitirira 1500. Intaneti ya DSL itabwera, makampani ambiri ankagwiritsa ntchito PPPoE, imene imadya mabayiti 8, n'kutsala 1492. Seva yachipata inkadziwa zimenezi, koma makompyuta a m'kati ankaona Ethernet yokha, n'kumauza dziko kuti akhoza kulandira maphukusi athunthu. Mwa lamulo la mu 1990, phukusi likakula kuposa njira, rauta yapanjira imalitaya n'kubweza uthenga wa ICMP wouza wotumiza kuti achepetse. Koma oyang'anira ambiri ankatseka ICMP yonse poganiza kuti akulimbitsa chitetezo, motero uthengawo sunkafika. Wotumiza ankangobwereza phukusi lomwelo, ilo n'kumatayidwa, osadziwa chifukwa.

Zizindikiro zake n'zimene zinkasokoneza mutu. Masamba aang'ono ankatseguka, aakulu n'kuima pakati. Imelo ya mizere iwiri inkapita, yokhala ndi chithunzi n'kukanirira. Pa seva yachipata penipenipo tsamba lomwelo linkatseguka bwino, kotero woyang'anira akayesa ali pa mpando wake ankatsimikiza kuti wodandaulayo ndiye wolakwa. Poyamba mankhwala anali kupita pa kompyuta iliyonse n'kuchepetsa MTU, muyeso wa phukusi lalikulu, ndipo pa Windows 95 ndi 98 zimenezi zinkafuna kulowa mu registry n'kulemba MaxMTU. Njira yabwinopo inali yochitira pa chipata. Kukambirana kwa TCP kukamayamba, mbali iliyonse imatchula kukula kwa katundu amene ingalandire, kawirikawiri 1460. Chipata chimagwira phukusi loyambalo n'kusintha nambalayo kukhala 1452 kapena kucheperapo. Pulogalamu ya rp-pppoe inkaika 1412 kuti pakhale mpata. Kunena zoona, kumeneku ndi kunamiza mbali zonse ziwiri, ndipo kumaphwanya mfundo yakuti wapakati asakhudze za TCP. Koma kumagwira ntchito, ndipo marauta a masiku ano amachitabe zomwezo popanda mwini kudziwa.

Nthawi ya mamodemu inali ndi mavuto akeake. Chipata chinkaimba lamya chokha munthu akafuna intaneti, n'kudula pakapita mphindi zingapo popanda chodutsa. M'mayiko amene lamya inkalipiridwa pa mphindi, monga ambiri a ku Ulaya kumene ISDN inali yofala, ofesi inkatha kulandira bilu yoopsa chifukwa chipata chakhala chikuimba usiku wonse muli zii. Oimbitsawo anali makompyuta enieniwo. A Windows ankafunsana mayina kudzera pa NetBIOS, ndipo funso losayankhidwa m'kati linkapita ku DNS, seva ya mayina, ya kunja. Maseva a NetWare ankalengeza ntchito zawo ndi njira zawo masekondi 60 aliwonse, ndiponso ankafunsa kompyuta iliyonse yongokhala chete ngati ikadalipo. Oyang'anira ankatchinga makomo 137 mpaka 139 kuti asadzutse modemu, ankaika seva ya DNS m'kati, ndipo pa NetWare rauta inkayankha yokha mafunso a seva m'dzina la kompyuta yakutali kuti mzere usatsegulidwe. Panalinso kavuto kena: phukusi lodzutsa modemu linkanyamuka ndi adiresi yakale, mzere ukatseguka kampani n'kupereka yatsopano, yankho n'kusochera. Anthu anazolowera kudina kawiri, koyamba kodzutsa, kachiwiri kotsegula tsamba. Linux inawonjezera chosankha cha ip_dynaddr kuti phukusi loyambalo lilembedwenso.

Kaundula wa chipata ali ndi malire, ndipo sachedwa kuiwala. IP masquerading ya pa Linux 2.0 ndi 2.2 inkapatula makomo 4096 okha, kuyambira pa 61000, ndipo mzere wa TCP wongokhala chete kwa mphindi 15 unkafafanizidwa. Munthu wolumikizana ndi seva yakutali pa Telnet kapena SSH akapita kukadya nsima ankapeza mzere wafa osatsanzika. Pa FTP zinkapweteka kwambiri: fayilo yaikulu ikamatsika, mzere wokambirana unkakhala chete, chipata n'kuuiwala, ndipo kumapeto uthenga wakuti fayilo yafika sunkapeza njira. Ena ankatalikitsa nthawiyo pa chipata mpaka maola awiri, ena ankauza pulogalamu kuti izitumiza kaphukusi kopanda kanthu mphindi zingapo zilizonse. Malangizo a mu 2008 anati chipata chisaiwale mzere wa TCP asanakwane maola 2 ndi mphindi 4, koma zipata zakale zinali zitagulitsidwa kale.

Mbiri ya WinGate ili ndi phunziro lake pa chitetezo. Mitundu yake yoyambirira, ikangoikidwa, inkamvetsera pa nkhope zonse ziwiri, ya m'kati ndi ya kunja, popanda kufunsa mawu achinsinsi. Aliyense pa intaneti ankatha kugogoda pa khomo 23 kapena 1080 la ofesi ya eni ake, n'kudumphira kwina kulikonse atavala adiresi ya ofesiyo. Cha m'ma 1997 ndi 1998 anthu ovutitsa anzawo pa IRC ndi otumiza makalata achabechabe ankasakasaka maseva otere, mpaka manetiweki a IRC anayamba kuyesa makomo a aliyense wolowa n'kumukana akapezeka kuti wadzera pa mkhalapakati wotseguka. Kukonza kwake kunali kophweka, kumangirira ntchito iliyonse ku nkhope ya m'kati yokha, ndipo mitundu yotsatira inabwera itatsekedwa kale. Koma ogula ambiri sanali akatswiri. Anagula chifukwa chinali chosavuta kuika, ndipo chosavuta kuikacho n'chimene chinasiya chitseko pululu. Mu 2003 kachilombo ka Sobig kankaika WinGate yobedwa pa makompyuta amene kagwira, kuti eni kachilomboko azitumizira makalata awo pamenepo.

Internet Connection Sharing, imene Microsoft inaika mu Windows 98 Second Edition mu 1999, inathetsa msika wa mapulogalamu ambiri ang'onoang'ono chifukwa inali yaulere. Mtengo wake unali kuuma khosi. Inkadzipatsa adiresi ya 192.168.0.1 popanda kufunsa, n'kuyamba kugawa maadiresi kwa makompyuta ena ngakhale pa netiweki imene ili kale ndi wogawa wake. Mu ofesi yokhala ndi seva ya DHCP, yogawa maadiresi, munthu mmodzi wodina bokosi limeneli ankatha kusokoneza nyumba yonse. Modemu kapena rauta ikakhala kuti nayo ili pa 192.168.0.1, zinkawombana, ndipo chosavuta chinali kusamutsa rauta osati Windows. Windows 7 inasamukira ku 192.168.137.1 pothawa kuwombana kumeneku.

Akhalapakati osunga masamba anali ndi zofooka zosaopsa koma zotopetsa. Ankapereka tsamba ladzulo ngati lalero, makamaka HTTP/1.1 ya mu 1997 isanabweretse njira zomveka zouzira mkhalapakati chosunga ndi chosasunga. Masamba obisidwa ndi SSL sankatha kusungidwa kapena kuwerengedwa. Mkhalapakati ankangoboola njira, ndipo ISA Server, imene inalowa m'malo mwa Proxy Server, inkalola njirayo pa makomo 443 ndi 563 okha, kotero tsamba la banki kapena la kampani loikidwa pa 8443 linkakanidwa mpaka woyang'anira atawonjezera khomolo ndi kapulogalamu kapadera.

Gulu lomaliza la zofooka ndi limene limabwera ndi ukalamba. Chipata chimalembedwa motsatira intaneti ya chaka chimene chinapangidwa, ndipo chikaona chachilendo chimachitaya kapena kuchipotoza. Linux 2.4 itayamba kugwiritsa ntchito ECN, njira yochenjezera za kuchulukana kwa maphukusi, zipata zina zakale zinkataya maphukusiwo poona tizizindikiro tosadziwika, ndipo anthu ankangozimitsa ECN. Window scaling, yolola TCP kutumiza zambiri isanadikire yankho, inalembedwa mu 1992, koma itayamba kugwiritsidwa ntchito mwamphamvu mu Linux 2.6.17 mu 2006 ndi mu Windows Vista, zipata zosaimvetsa zinachititsa intaneti kukwawa ngati nkhono. Apanso yankho lofala linali kuzimitsa chatsopanocho pa kompyuta ya wosuta. Chizolowezi chimenechi chinaumitsa intaneti, chifukwa opanga njira zatsopano anaphunzira kuti chilichonse chooneka kwa wapakati sichingasinthidwenso. N'chimodzi mwa zifukwa zimene QUIC, njira yatsopano yonyamulira masamba, imabisira pafupifupi chilichonse m'kati mwa UDP.

Mndandanda wa zipata za Microsoft unathera pa Forefront TMG 2010. Kampaniyo inalengeza mu 2012 kuti sidzatulutsanso ina, ndipo thandizo lonse linatha mu April 2020. Chipata chimenechi sichinkanyamula IPv6 mokwanira, ndipo chinapangidwa WebSocket ya mu 2011 ndi HTTP/2 ya mu 2015 zisanakhazikike. Maseva akale koposa, monga a Windows Server 2003, sadziwa TLS 1.2, pamene asakatuli akuluakulu anasiya TLS 1.0 ndi 1.1 mu 2020. Komabe zipata zotere zikupezekabe m'mafakitale, m'zipatala ndi m'maofesi ena, kawirikawiri chifukwa pali pulogalamu imodzi yakale ya malipiro kapena makina amodzi odula amene sadziwa njira ina. Kumene sizingachotsedwe msanga, oyang'anira amachotsa chipatacho pamaso pa intaneti n'kuika patsogolo pake china chatsopano, monga Squid, nginx kapena stunnel, choti chizilankhula TLS yamakono ndi dziko n'kumasulira m'chinenero chakale m'kati. Netiweki ya makina akalewo imapatulidwa payokha, imaloledwa kufika ku maadiresi owerengeka okha, ndipo seva yeniyeniyo imakoperedwa kukhala kompyuta yongoyerekezera ya m'kati mwa seva yatsopano, kuti hadi disiki ya zaka makumi awiri ikafa pasafe ndi ntchito yomwe.

Kusowa kwa maadiresi kumene kunabala zipatazi kunafikadi. Nkhokwe yaikulu ya IPv4 inatha mu February 2011, ndipo makampani a mafoni ndi ena ogulitsa intaneti anayamba kuika makasitomala zikwizikwi kuseri kwa chipata chimodzi chachikulu, pogwiritsa ntchito maadiresi oyambira pa 100.64 amene anapatulidwa mu 2012. Munthu wolumikiza kamera ya chitetezo kapena seva yaing'ono kunyumba pa intaneti ya foni amakumana ndi vuto lomwe lija la seva ya makalata yokhala kuseri kwa chipata, kusiyana kwake n'kwakuti chipatacho si chake ndipo sangatsegulepo khomo. Zimene amachita ndi kugula adiresi yakeyake kwa kampaniyo, kugwiritsa ntchito IPv6 kumene ilipo, kapena kuuza chipangizocho kuti chiyambe ndicho kuimbira seva ya kunja n'kusunga mzerewo wotseguka, monga mmene FTP inachitira ndi PASV.